Maulendo a ku Mapiri Opatulika

Ife a ku Sanjala timakhala pamtunda. Mzinda wathu wa Lichinga uli pa mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja ya mcere. Ndico cifukwa cake mwezi wa Juni ndi wa Julayi timaotha moto m'mawa ndi madzulo, pamene anzathu a ku Metangula, m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, sakumva cisanu cotere. Mapiri timawadziwa bwino. Timatemako nkhuni, timafulako uci, ndipo mitsinje imene timamwa imacokera komweko.

Koma pali mapiri ena amene anthu amapitako kukapemphera. Masiku ano anthu ambiri amakwera ndege kupita ku maiko a ku Asia, monga Nepal, Bhutan ndi China, kukaona akacisi a cipembedzo ca Buddha omangidwa pamwamba pa mapiri atali. Amajambula zithunzi, nabwerera kwao. Njira zimene amayendamo si zatsopano ai. Zinapondedwa kalekale ndi anthu oyenda pansi, amene anali ndi cosowa cacikulu mumtima. Makolo athu naonso anali ndi maulendo otere. M'phunziro lino tiona maulendo a kwathu kuno ndi maulendo a kutali. Tikatero tifunsa funso limodzi: kodi n'cifukwa ciani mbiri ya maulendo ena idakalipo yambiri, pamene ya ena inatsala pang'ono cabe?

Kaphirintiwa ndi Msinja

Kumalire a cigawo ca Tete ndi dziko la Malawi kuli mapiri a Dzalanyama. M'mapiri amenewa muli malo ochedwa Kaphirintiwa. Akuluakulu a Acewa amasimba kuti pamenepa ndi pamene anthu oyamba anatsikira. Akuti dziko linali louma, lopanda camoyo. Tsiku lina kunagwa mvula, ndipo Cauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi ali ndi khasu, licero ndi mtondo, pamodzi ndi nyama za mitundumitundu. Thanthwe limene anapondapo linali lofewa, ndipo mapazi ao anadindika pomwepo. Pambuyo pake thanthwelo linauma, mapaziwo osafafanizika.

Kacisi wamkulu wa mvula wa Acewa anayambira pa Kaphirintiwa. Patapita nthawi anamsamutsira ku Msinja, m'munsi mwa mapiri omwewo, m'dera limene lero lili m'boma la Lilongwe. Mwini kacisiyo anali mkazi wochedwa Makewana. Dzinali litanthauza amai a ana, ndiye kuti amai a anthu onse. Linali dzina la udindo: wina akamwalira, wina anali kulowa m'malo mwake. Makewana sanali kukwatiwa, pakuti anali kuyesedwa mkazi wa Cauta. Tsitsi lake sanali kumeta, poopa kuti mvula ingaleke. Anali ndi atsikana omtumikira, ochedwa Matsano. Panalinso akuluakulu ena, yense ndi nchito yake. Kamundi anali kutsogolera miyambo ya nsembe. Tsang'oma anali kusunga ng'oma yopatulika, dzina lake Mbiriwiri, ndipo ikalira anthu anali kudziwa kuti nthawi yopempha mvula yakwana.

Kodi ndani anali kupita ku Msinja? Mvula ikacedwa, mbeu n'kuyamba kufota m'minda, mafumu anali kutuma amithenga ndi mphatso. Ngakhale mafumu akulu anali kutero. Mmodzi wa iwo anali Undi, amene likulu lake linali ku Mano, m'cigawo ca Tete, m'dziko lathu lino. Amithengawo anali kunyamula minyanga ya njovu ndi nsalu zakuda, pakuti cinthu cakuda cimafanana ndi mtambo wa mvula.

Taganizani za ulendo umenewo. Kunalibe galimoto, kunalibe njinga. Anthu anali kuyenda masiku ambiri ndi kamba wocepa, pakuti inali nthawi ya cilala. Anali kuwoloka mitsinje youma, kugona m'midzi ya eni, ndi kupyola nkhalango za zirombo. Kumbuyo anali atasiya ana ndi nkhalamba akuyang'ana kumwamba. Moyo wa mudzi wonse unali pa mapazi a amithengawo. Pofika ku Msinja anali kukomana ndi anthu a m'maiko a mafumu ena, ndipo pobwerera anali kudza ndi nkhani za kutali.

M'zaka za m'ma 1800 kunabwera nkhondo. Angoni anafika ndi zishango zao, ndipo malonda a akapolo anasokoneza midzi yambiri. Msinja anaonongedwa, anthu ake nabalalika. Malowo adakalipo ndipo amalemekezedwa, koma ulemerero wakale sunabwerere. Mapemphero ambiri, maina a amithenga ndi njira zimene anali kudzera zinapita pamodzi ndi eni ake kumanda.

Mapiri ena a makolo

Kum'mwera kwa Malawi, m'boma la Nsanje, kuli nkhalango yopatulika ya Khulubvi, kumene Amang'anja amalemekeza Mbona. Amasimba kuti Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula, ndipo adani ake anamupha namdula mutu. Mutuwo anauika pa Khulubvi. Anthu a m'cigwa ca Shire ndi ca Zambezi anali kutumiza nsembe kumeneko pa nthawi ya cilala, ya dzombe kapena ya mliri.

Kuno ku Niassa abale athu Ayao amati mtundu wao unacokera pa phiri lochedwa Yao, kufupi ndi Mwembe. Alomwe ndi Amakua amaloza phiri la Namuli, pafupi ndi Gurue m'cigawo ca Zambezia, nati ndiko kunabadwira makolo ao. Phiri limeneli ndi lalitali mamita 2,419. Ku Malawi kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yake ifika mamita 3,002. Nsongayo amaichula kuti Sapitwa, cifukwa makolo anati ndi malo a mizimu, osayenera kupitako wamba.

Tikuona tsono kuti kwa makolo athu phiri linali malo a ciyambi ca mtundu, malo othawirako nkhondo, ndiponso malo olankhulirana ndi Mulungu ndi mizimu. Anthu a ku Asia naonso anali kuona mapiri mwa njira yofanana.

Buddha ndi mfumu Ashoka

Munthu akaima ku Pemba nayang'ana kum'mawa ca kumpoto, kutsidya kwa nyanja ya mcere kuli dziko la India. Kumpoto kwa India kuli mapiri a Himalaya, atali koposa onse pa dziko lapansi. Lalitali kwambiri ndi Everest, mamita 8,849, pafupifupi katatu kutalika kwa Sapitwa. Pamwamba pa mapiri amenewa madzi amaundana ngati mwala, ndipo nsonga zake zimayera mbuu caka conse. Mpweya ndi wocepa, kotero kuti munthu wosazolowera amapuma wefuwefu, mutu n'kumamuwawa.

M'munsi mwa mapiriwo, pa malo ochedwa Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, munabadwa mwana wa mfumu dzina lake Siddhartha Gautama. Papita zaka pafupifupi 2,500. Mbiri ya omtsatira imati anakulira m'cuma, koma ataona nkhalamba, wodwala ndi maliro, mtima wake sunakhazikike. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba ya atate wake kukafunafuna gwero la mavuto a anthu. Patapita zaka 6, ali khale pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, anati wapeza yankho. Kuyambira pamenepo anachedwa Buddha, kutanthauza wogalamuka. Anaphunzitsa kuti mavuto amadza cifukwa ca khumbo losakhutira. Anati munthu asaphe, asabe, asacite cigololo, asaname, asaledzere, ndipo aphunzire kukhazika mtima pansi. Anamwalira ali ndi zaka 80.

Omtsatira, amene timawachula Abuda, anayamba kuyendera malo anai: Lumbini kumene anabadwira, Bodh Gaya kumene anagalamukira, Sarnath kumene anayambira kuphunzitsa, ndi Kushinagar kumene anafera.

Mmodzi wa oyenda ulendo umenewu anali Ashoka, mfumu yaikulu ya India. Poyamba anali munthu wankhondo. Atagonjetsa dziko la Kalinga, naona unyinji wa anthu ophedwa, anamva cisoni natembenukira ku ciphunzitso ca Buddha. Ca m'ma 249 Kristu asanabadwe anafika ku Lumbini. Kumeneko anaimika cipilala ca mwala, nalamula kuti alembepo mau. Mauwo anena kuti mfumu inadza yokha kudzalambira, cifukwa pamenepo ndi pamene Buddha anabadwira. Anenanso kuti mfumu yacepetsa msonkho wa mudziwo, kuti alimi azipereka gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a zokolola zao. Kumbukirani cipilala cimeneci, pakuti tikomana naco kutsogoloku.

Ulendo wa Xuanzang

Ciphunzitso ca Buddha cinayenda ndi amalonda ndi aphunzitsi kufikira ku China. Kumeneko kunali amuna amene anadzipereka ku cipembedzoco, osakwatira, okhala pamodzi pa kacisi. Anthu otere amachedwa amonke. Mmodzi wa iwo anali Xuanzang. Powerenga mabuku a cipembedzo cake anaona kuti akutsutsana, pakuti ena anamasuliridwa molakwa, ena anali opereweza. Aphunzitsi ake sanathe kumyankha. Iye anatsimikiza mtima kupita ku India kukatenga mabuku enieni.

Pa nthawiyo mfumu ya China inali italetsa anthu kuturuka m'dziko. Xuanzang anapempha cilolezo, koma sanampatse. M'caka ca 629 anacoka mumzinda wa Chang'an, napita kumadzulo mobisala, kuyenda usiku ndi kubisala usana.

Vuto loyamba linali cipululu ca mcenga. Thumba lake la madzi linagwa, madzi onse n'kutayika. Anakhala masiku asanu osamwa kanthu. Anapulumuka cifukwa ca kavalo wake wokalamba, amene anapatuka yekha namfikitsa pa dziwe. Ataturuka m'cipululumo anafika kwa mfumu ya Gaochang. Mfumuyo inamkonda kwambiri, nifuna kumsunga kuti akhale mphunzitsi wa anthu ake. Xuanzang anakana kudya masiku atatu, kufikira mfumu inamlola kupita. Inampatsa akavalo, zovala zofunda, anthu omperekeza ndi makalata opita kwa mafumu a m'njira.

Vuto laciwiri linali mapiri a Tian Shan. Anayenda masiku 7 pa madzi oundana. Panalibe pouma pogona, panalibe pophikira pabwino. Mphepo inali kulasa mpaka m'mafupa. Mbiri ya moyo wake imati mwa anthu khumi alionse a pa ulendowo, atatu kapena anai anafa ndi cisanu ndi njala, ndipo akavalo ndi ng'ombe zinafa zoposa pamenepo. Inu amene mumadziwa cisanu ca Lichinga, ganizani cisanu cimene cimapha munthu ali ciimire.

Atadutsa mapiri ena anafika m'cigwa ca Bamiyan, m'dziko limene lero ndi Afghanistan. Kumeneko anaona mafano awiri a Buddha osemedwa m'khoma la phiri. Lalikulu linali lalitali mamita 55, lina mamita 38. Potsiriza analowa m'dziko la India, nayendera malo anai aja. Ku Lumbini anaona cipilala ca Ashoka cili cothyoka, ndipo anthu anamuuza kuti cinathyoka ndi mphenzi. Pambuyo pake anakhala ku Nalanda, sukulu yaikulu ya amonke zikwizikwi. Mphunzitsi wake anali nkhalamba yochuka, dzina lake Silabhadra. Kumeneko anawerenga mabuku a cinenero ca Sanskrit kufikira anayamba kuphunzitsa ena.

Pobwerera anakomana ndi tsoka lina. Powoloka mtsinje wa Indus bwato linapendekeka, ndipo mabuku ena anagwera m'madzi, pamodzi ndi mbeu za maluwa zimene anafuna kukabzala kwao. Anaima natuma anthu kukakopera mabuku ena. M'caka ca 645 anafika ku Chang'an, atatha zaka 16 ali pa ulendo. Anabwera ndi mabuku 657. Mfumu Taizong, amene lamulo lake Xuanzang anaswa, anamlandira ndi ulemu, namuuza kuti alembe zonse zimene anaona. Xuanzang anasimba, wophunzira wake Bianji nalemba, ndipo buku linatha m'caka ca 646. Munali maina a maiko oposa 100, mitunda ya pakati pa mizinda, mbeu zimene anthu amalima, zovala zao, mitsinje, mapiri ndi akacisi. M'caka ca 652 anamanga nsanja yosungiramo mabuku aja, ndipo idakalipo mumzinda womwewo, umene lero umachedwa Xi'an. Xuanzang anagwira nchito yomasulira mabuku m'cinenero ca kwao kufikira imfa yake m'caka ca 664.

Malo otayika apezekanso

Monga Msinja, malo opatulika a Abuda ku India naonso anaonongedwa. Ca m'ma 1200 ankhondo anapasula Nalanda. Cipembedzo ca Buddha cinazilala m'dziko limene cinabadwira. Lumbini anamera chire. Anthu okhala pafupi anali kulima ndi kudyetsa ziweto pa zitunda za njerwa, osadziwa kuti pansi pake pali ciani. Ngakhale zilembo zimene Ashoka analemba pa miyala zinaiwalika, kotero kuti panalibe wotha kuziwerenga.

M'caka ca 1837 munthu wina wa ku Britain, James Prinsep, anazindikira kawerengedwe ka zilembo zakalezo. Kuyambira m'caka ca 1861 mnzake, Alexander Cunningham, anayenda m'dziko la India ali ndi buku la Xuanzang m'manja. Bukulo likati kucokera pa mzinda wakuti uyende mtunda wakuti kum'mawa, iye anali kuyenda comweco. Mwa njira imeneyi anatsimikiza malo a Nalanda ndi malo ena ambiri. M'caka ca 1896 anthu anakumba pansi pa cipilala cothyoka m'nkhalango ya ku Nepal, napeza mau aja a Ashoka ali bwinobwino. Lumbini anapezekanso. Mau a mfumu imene inafa zaka zoposa 2,000 zapitazo anawerengedwa ngati kalata ya dzulo.

Mafano a ku Bamiyan anaphwanyidwa ndi mabomba a gulu la Taliban m'caka ca 2001. M'phirimo munatsala mapanga okhaokha. Koma zimene Xuanzang anaona kumeneko zidakali m'buku lake.

Apa tsono ndi pamene pali yankho la funso lathu lija. Amithenga a Undi anali olimba mtima monga Xuanzang. Anali ndi nzeru, anadziwa njira, nyenyezi ndi miyambo. Cimene cinasiyana n'cakuti iwo anasunga zonse m'mutu, ndipo mutu umapita kumanda. Nkhondo ikabalalitsa mudzi, nkhalamba n'kufa isanauze mdzukulu, mbiri imaduka pomwepo.

Athu amene analemba

Tisaganize kuti kwathu kuno kunalibe olemba. Kumpoto kwa Lichinga kuli phiri la Unangu. Kumeneko kunakhala wansembe wa mpingo wa Anglican, Yohanna Barnaba Abdallah. Iye anafunsa akuluakulu, nalemba mbiri ya Ayao m'cinenero cao. Buku lake, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba m'caka ca 1919. M'menemo anafotokoza za phiri la Yao, za mafumu a Mataka a ku Mwembe, ndi za maulendo a malonda opita ku gombe la nyanja ya mcere. Abdallah anamwalira m'caka ca 1924, koma kufikira lero ofuna kudziwa mbiri ya Niassa amawerenga buku lake.

Ku Malawi, mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Josia Ntara, anasonkhanitsa zimene nkhalamba zinali kukumbukira, nalemba Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940. M'caka ca 1952 W. H. J. Rangeley analemba za kacisi wa ku Msinja, atamva kwa akuluakulu a kumeneko. Wansembe wa Katolika, Matthew Schoffeleers, anakhala zaka zambiri pakati pa Amang'anja, nasindikiza buku la mbiri ya Mbona m'caka ca 1992. Zambiri zimene tawerenga m'phunziro lino za Makewana ndi Mbona zinatifika cifukwa nkhalamba zinalankhula, ndipo panapezeka wogwira colembera. Paja akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera.

Oyendera mapiri masiku ano

Lero Abuda akuyendabe. Ku Tibet kuli phiri la Kailash, limene iwo ndi Ahindu amaliyesa lopatulika. Salikwera ai, monga makolo athu sanali kukwera Sapitwa. Amalizungulira pansi, mtunda wa makilomita 52. Ku Bhutan kuli kacisi wa Taktsang, womangidwa m'caka ca 1692 pa phompho, mamita 900 pamwamba pa cigwa ca Paro. Wofuna kufikako ayenera kukwera ndi miyendo yake. Pa njira zimenezi opembedza amayenda pamodzi ndi alendo ongofuna kuona.

Akacisi a Abuda anafikanso kuno kum'mwera kwa Africa. Ku South Africa, m'tauni ya Bronkhorstspruit kufupi ndi Pretoria, kuli kacisi wamkulu wa Nan Hua, amene anayambidwa m'caka ca 1992. Pafupi ndi mzinda wa Blantyre, mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, anatsegula malo olerera ana amasiye a Amitofo Care Centre m'caka ca 2004, ndipo pamalopo anamangapo kacisi wa Buddha.

Mapiri a kwathu naonso amalandira alendo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa miyala, zina za Akafula, zina za Acewa, zokhudza cinamwali, maliro ndi mvula. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Alendo amakweranso Mulanje ndi Namuli. Mlendo akafika amafunsa kuti, phiri ili dzina lake litanthauzanji? Mwala uwu unali wa nchito yanji? Ngati eni dziko sadziwa, mlendo adzalemba za m'mutu mwake, ndipo adzukulu athu adzawerenga zomwezo.

Nchito yathu

Anzanga ophunzira, ena mwa ife ndi Asilamu, ena ndi Akristu. Timadziwa za abale amene anapita ku Mecca, ndi za ena amene amawoloka nyanja kukapemphera m'chalichi cacikulu ca pa cilumba ca Likoma. Kudziwa mbiri ya Msinja kapena ya Lumbini sikucotsa munthu pa cipembedzo cake. Kumatithandiza kudziwa kumene tinacokera, ndi kulemekeza malo opatulika a anzathu.

Cigawo cathu ca Niassa cinaona nkhondo ziwiri. Yoyamba, yomenyera ufulu, inayamba m'caka ca 1964 nitha m'caka ca 1974. Atsamunda anasamutsa anthu m'midzi yao nawaunjika m'midzi ya mpanda, ndipo ena anathawira ku Tanzania ndi ku Malawi. Yaciwiri inatha m'caka ca 1992. Mabanja ambiri a ku Sanjala ndi a m'madera ena a Lichinga anasiya midzi ya makolo ao pa nthawi zimenezi. Kumeneko kunatsala manda, mitengo ya msolo imene makolo anali kuthirapo nsembe ya ufa, ndi mapiri amene anali kupemphako mvula. Amene akudziwa malo amenewa ndi agogo athu, ndipo akucepa caka ndi caka.

Tsopano dzanja lathu layamba kuzolowera colembera. Sabata ino yense apite kwa agogo kapena kwa a mfumu, akhale pansi mwaulemu, nafunse: Agogo, kodi kwanu mvula ikakana munali kupita kuti? Phirilo dzina lake ndani? Munali kuyenda masiku angati, ndipo munali kudzera midzi iti? Munali kunyamula ciani? Ndani anali kutsogolera? Safunsa anadya phula. Ngati pali zina zimene mwambo suloleza kuulula, tizisiye, tilembe zimene atilola. Tilembe dzina la phiri, dzina la mtsinje, ndi caka cimene tamva mauwo. Wosatha kulemba mizere yambiri alembe maina okha, anzake adzamthandiza. Xuanzang yemwe anasimba pakamwa, wina nalemba. Tikabwera nazo m'kalasi tidzawerengerana, ndipo aphunzitsi adzazisunga m'kope limodzi la kalasi lathu.

Mafunso okambirana

1. Kodi mafumu anali kutumiza ciani ku Msinja, ndipo n'cifukwa ciani nsalu zake zinali zakuda?

2. Chulani mavuto atatu amene Xuanzang anakomana nao pa ulendo wake.

3. Kodi Lumbini ndi Nalanda anapezekanso bwanji ataiwalika?

4. Kodi Yohanna Abdallah anakhala kuti, ndipo analemba za ciani?

5. Kodi kwanu kuli phiri, mtengo kapena dziwe limene makolo anali kulilemekeza? Lembani dzina lake.